Ndalama yatha, m'kalasi sizikuyenda, likasa likukopa: poyambira wophunzira wa ku Mangochi

Teremu iliyonse imakhala ndi nyengo yake yothina. Masabata oyambirira aliyense amaoneka wowala, sopo alipo, makope ndi atsopano. Ikafika pakati, ufa wa kuselofu wafika pansi pa ndowa, eni nyumba ayamba kugogoda m'mamawa, mayeso apakati pa teremu abwerako ndi malikisi ochititsa manyazi, ndipo pa WhatsApp patulukira munthu amene akuti ali ndi pepala la MANEB. Ndimaphunzitsa kusekondale kuno ku Mangochi, ndipo chimene chimandipweteka mtima n'choti ana ambiri amene timawataya amayamba ndi kavuto kakang'ono, kotheka kukonza, koma amakabisa chifukwa cha manyazi mpaka kamabala mavuto ena.

Vuto la ndalama, la maphunziro ndi la khalidwe amakokana. Mnyamata wasowa ya lendi, wapita kukakoka khoka usiku, m'mawa akusinza m'kalasi, masamu amudutsa, mayeso akayandikira ayamba kufunsa za likasa. Mtsikana wasowa sopo ndi mapadi, akujomba masiku angapo mwezi uliwonse, kenako patulukira bambo wina "wongofuna kuthandiza". Choncho musathamangire kukonza chimene chikuoneka pamwamba. Kukapa madzi m'bwato osatseka pobowoka n'kudzitopetsa chabe. Tengani pepala, mudzifunse moona mtima: ndinayamba liti kutsalira? Nthawi imeneyo chinasintha n'chiyani, kadyedwe, kagonedwe, malo okhala, anzanga, thanzi kapena foni? Nanga ndi munthu wamkulu uti amene akudziwa zimene ndikudutsamo? Ngati yankho la funso lomalizali ndi "palibe", dziwani kuti pobowoka poyamba ndi pamenepo.

Ndalama ikumatha mwezi usanathe

Yambani mwadziwa ngati ndalamayo ndi yochepadi kapena ikungotayikira m'njira. Kwa masabata awiri, lembani kumapeto kwa kope chilichonse chimene mwagula, ngakhale chigege chimodzi, ngakhale bandulo ya tsiku limodzi, ngakhale kabaza wochokera pamsika. Musadzinamize polemba. Ena amapeza kuti mayunitsi ndi tokazinga ta pamsewu zikudya gawo lalikulu kuposa ndiwo. Ena amapeza kuti sakuwononga ngakhale pang'ono, ndalamayo ndi yoperewera basi. Awiriwa mankhwala awo ndi osiyana.

Ngati ikutayikira m'njira, lamulo lake ndi limodzi: tsiku lomwe ndalama yafika, lipirani lendi, gulani ufa, nyemba, mchere, mafuta, sopo ndi makala musanachite china chilichonse. Yotsalayo igaweni m'masabata. Ndalama yogona mufoni imatha msanga chifukwa siioneka ikamatuluka. Ndinalowapo m'chipinda cha atsikana ena a kuselofu amene anandiphunzitsa kanthu. Anasonkha ufa wawo m'ndowa imodzi, mkati mwa ndowayo analemba mizere, mzere uliwonse kuimira sabata. Kapu yoyezera inali imodzi, mbaula imodzi, ndipo pakhoma anamata pepala la wophika tsiku lililonse. Usipa ankagula wambiri pamene watchipa kudoko n'kuyanika okha. Ufa ukatsika kudutsa mzere tsiku lisanakwane, ankadziwa pomwepo kuti pali amene akuphikira alendo, ndipo ankakambirana tsiku lomwelo osadikira kuti ndowa iyere.

Ngati ndi yoperewera, pepala lanu lija ndiye umboni. Makolo ambiri akutumizabe ndalama yofanana ndi imene ankatumizira akulu anu zaka zapitazo, pomwe kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukangoimba foni n'kunena kuti "ndalama yatha", iwo amamva ngati mukuwononga. Koma mukawawerengera kuti "Amayi, lendi ndi mwakuti, ufa wa mwezi ndi mwakuti, makala ndi mwakuti, yotsala ndi iyi", nkhani imasintha. Ganiziraninso nyengo ya kwanu. Banja lodalira nyanja limavutika mwera ukamawomba m'miyezi yozizira komanso nyanja ikatsekedwa mu Novembala. Banja la ku Namwera kapena ku Katuli limagwira ndalama likakolola ndi kugulitsa, pomwe mu Januwale ndi Febuluwale ndalama imasowa. Achimwene a ku Joni nawo amadalira maganyu, mwezi wina atumiza, wina ayi. Pemphani thumba la chimanga ndi nyemba nthawi yokolola, pemphani lendi ya miyezi ingapo pamene nsomba zikuphedwa. Kupempha kwa nthawi yake kumayankhidwa mosavuta kuposa kulira kwa mwadzidzidzi.

Katapila musamuyandikire. Tinene kuti mwatenga K20,000 kuti mubweze K30,000 pakutha pa mwezi. Mwalephera. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chiwerengedwa pa K30,000 ija, ndipo ngongole yafika K45,000, kuposa kawiri zimene munatenga. Apa mpamene amakulandani foni kapena laputopu, ena mpaka kusunga chitupa chanu cha unzika. Ngati mwalowamo kale, musakongole kwina kuti mutseke uku. Uzani kholo, a mjomba kapena mphunzitsi amene mumamukhulupirira, mupite naye limodzi kwa mwini ndalamayo, mukapemphe kuti chiwongoladzanja chiime ndipo mugwirizane kabwezedwe polemba. Munthu wa katapila amalimba mtima akamalankhula ndi mwana yekhayekha, koma pakakhala wamkulu amafewa. Ngati pakufunikadi ngongole, ndi bwino amayi akatenge kubanki m'khonde kwawo, kumene amadziwana ndipo malamulo ake ndi odziwika.

Za juga ya pafoni ya kandege ndi kubetcha pa mpira sindichulukitsa mawu. Masewerawa anakonzedwa kuti mwini wake azipindula, ndipo wowina lero ndi amene amadzaluza zambiri mawa pofuna kubweza. Ngati munabetchapo ndalama ya fizi kapena ya chakudya, kapena mwayamba kunama za kumene ndalama yapita, vuto lakula kale. Fufutani pulogalamuyo mufoni, ndalama ikabwera izisungidwa ndi munthu wina, ndipo muuze wina lero lomwe.

Chenjeraninso ndi akuba a pafoni. Uthenga woti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", kapena munthu woimba n'kumati dzina lanu latuluka pa bursary koma mutumize kaye kangachepe kolembetsera, ndi umbava. Thandizo lenileni limadzera kusukulu kapena kuofesi yodziwika. PIN yanu ya Airtel Money kapena Mpamba musauze munthu, ngakhale wogona naye chipinda chimodzi, ngakhale woimba amene akuti ndi wa kukampani.

Mwauzidwa kuti mubwerere kunyumba chifukwa cha fizi

Kaya ndi ya chigonero, ya sukulu yoyima payokha, ya open kapena ya kukoleji, cholakwika chimene ambiri amachita n'kudikira tsiku lowerenga maina a osalipira. Tsiku limenelo ahedi amakhala ndi mndandanda wautali ndi mtima wotopa. Pitani sabata yoyamba ya teremu, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi amene amakulipirirani. Mawu ake asakhale ambiri: "Ahedi, tabwera tokha musanatiitane. Lero tili ndi yochepa iyi. Yotsala tibweretsa tikagulitsa mbewu, pofika tsiku lakuti. Tikupempha mwanayu asatuluke m'kalasi." Mgwirizanowo ulembedwe, ndipo tsiku munalonjezalo likafika mubwere, ngakhale ndi theka, osazemba. Ndalama iliyonse mwapereka mulandire lisiti, ndipo muijambule ndi foni chifukwa pepala limanyowa kapena kudyedwa ndi mbewa. Musapereke fizi m'manja mwa munthu panjira, ngakhale akhale wogwira ntchito pasukulupo.

Makomo a thandizo alipo, ngakhale sakwanira onse ogogoda. Ofesi ya Social Welfare paboma imaona za ana ovutika. Thumba la chitukuko cha m'dera la CDF limakhala ndi gawo lothandiza ophunzira, ndipo maina amadzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi. Bungwe la CAMFED limathandiza atsikana m'sukulu zina za boma lino. Mizikiti ndi mipingo nayo imalipirira ana ena. Pafupifupi makomo onsewa amafunsa ahedi kapena amayi a mother group kuti ovutikitsitsa ndi ati, ndiye ngati kusukulu sakudziwa za inu, dzina lanu silingatuluke. Paja safunsa anadya phula. Sungani pamodzi malipoti a mayeso, kalata ya amfumu, ndi chikalata cha imfa ngati kholo linamwalira.

Pano ndichenjeze mwamphamvu: musaphe makolo anu papepala. Pali ana amene amalemba kuti ndi amasiye pomwe bambo ndi mayi ali moyo, poganiza kuti umphawi wokha sukwanira. Othandiza ambiri amafika pakhomo kudzaona okha, ndipo bodza likaululika mumataya thandizolo, mumachititsa manyazi ahedi amene anakusainirani, komanso mumatsekera khomo ana ena a pasukulu panu. Nenani zoona zake momwe zilili: bambo alipo koma akudwala, mayi amagulitsa mandasi, ana tilipo angapo.

Kwa a kukoleji, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, HESLGB, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo limathandiza ophunzira osowa a m'mayunivesite aboma ndi a m'makoleji oyima paokha ovomerezeka. Nthawi yofunsira ikalengezedwa musadikire tsiku lomaliza, chifukwa intaneti ya kumudzi imakhumudwitsa pa tsiku lomwe mukuifunitsitsa. Kumbukirani kuti ndi ngongole yodzabweza mukamaliza. Musanalipire khobidi kukoleji iliyonse yoyima payokha, fufuzani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ngati kolejiyo ndi maphunziro mukufunawo n'zovomerezeka, pakuti kolejiyo ikhoza kukhala yolembetsedwa koma maphunziro enawo ayi. Ndipo zikakanikiratu pakati pa chaka, musangosowa. Pitani kwa Dean of Students kapena kuofesi ya Registrar mukalembe kalata yopempha kuimitsa kaye maphunziro. Woimitsa mwadongosolo malo ake amasungidwa. Wongosowa amalembedwa kuti walephera.

Mukuwerenga koma sizikulowa

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ana ambiri amadziweruza molakwa kuti ndi mbuli.

Yambani ndi thupi. Kuno kunyanja likodzo ndi lofala, ndipo ena analizolowera mpaka kuona magazi m'mkodzo ngati chinthu wamba. Si wamba. Likodzo limachepetsa magazi ndi kufooketsa thupi, ndipo mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa kuchipatala cha boma. Malungo obwerabwera nawo amasiya munthu ali wofooka ngakhale kutentha thupi kutatha. Ngati mukakhala kumbuyo zolemba pabolodi zimaoneka mbuu, kapena mutu umapweteka mukawerenga pang'ono, kayezetseni maso, ndipo pakali pano pemphani kukhala kutsogolo. Kenako tulo. Mnyamata amene wachezera kunyanja ndimamuzindikira asanayankhule: mamba a usipa akadali m'mikono, maso ofiira, piriyodi yachitatu mutu uli pa desiki. Mwana wotere si waulesi, wagwira ntchito kuposa tonse m'kalasimo. Koma ubongo wosagona susunga kanthu. Ngati ganyu wa kunyanja sangapeweke, akhale wa Lachisanu usiku, Loweruka ndi pa holide, ndipo aphunzitsi a kalasi adziwe. Tikadziwa timapeza njira, monga kumusungira manotsi kapena kumusinthira tsiku la mayeso a m'kalasi. Tikapanda kudziwa timangomulemba kuti ndi wosamvera.

Thupi likakhala bwino, yang'anani Chingerezi. Ana ambiri kuno amakula ndi Chiyao pakhomo, Chichewa pamsika ndi kumasewera, Chiarabu kumadrasa, ndipo Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha. Mwana woyenda m'ziyankhulo zonsezi sangakhale wopanda nzeru. Koma mayeso onse, kupatula a ziyankhulo zina monga Chichewa, amabwera m'Chingerezi, ndipo ndaona ana odziwa Biology bwinobwino akulephera chifukwa sanamve chimene funso likufuna. Funso loti state likufuna yankho lalifupi. Loti describe likufuna mufotokoze momwe chinthu chilili kapena momwe chimachitikira. Loti explain likufuna chifukwa chake. Loti compare likufuna mbali ziwiri. Wolemba tsamba lonse pa funso la malikisi awiri wataya nthawi, wolemba mzere umodzi pa funso la malikisi khumi wataya malikisi. Tengani mapepala a mayeso akale, mudule mzere pansi pa mawu otere, mufunse aphunzitsi a phunzirolo chimene lililonse likufuna.

Njira yoyesera ngati mwamvadi ndi iyi. Werengani mutu umodzi, tsekani buku, mufotokozere mnzanu m'Chiyao kapena m'Chichewa ngati mukuuza mng'ono wanu. Pamene mwakakamira, pamenepo ndi pamene simunamve, bwererani pomwepo. Mukatha kufotokoza bwino, lembani zomwezo m'Chingerezi osayang'ana, kenako yerekezani ndi buku. N'zotopetsa kuposa kungoyendetsa maso pa manotsi, koma kuyendetsa maso kumanyenga: tsamba limaoneka lodziwika, m'mayeso mutu n'kukhala mbee. Kukopera manotsi mwaukhondo nakonso si kuwerenga. Masamu ndiye sawerengedwa n'komwe, amasovedwa, tsiku lililonse ngakhale mafunso atatu.

Gulu lowerengera limodzi likhale la anthu atatu mpaka asanu, lokhala ndi mutu wa tsikulo ndi nthawi yomalizira. Likapitirira apo limasanduka bwalo la nkhani. Foni ikhale m'chikwama. Za nthawi yowerengera, musalimbane ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala, masana a kuno sakhululuka. M'bandakucha, mukangotha swala ya m'mawa kapena tambala akangolira kachiwiri, mutu umakhala wopepuka ndipo kunja kumakhala kozizirirapo. Amene mumapita kumadrasa masana, khalani pansi ndi makolo ndi a shehe mayeso akamayandikira, mugwirizane masiku. M'mwezi wa Ramadan maphunziro ovuta aikeni m'mawa mukangodya daku, masana muzibwereza zopepuka.

Ngati sukulu yanu ndi CDSS yopanda labu, musadikire kudzaona zipangizo koyamba tsiku la mayeso. Pemphani aphunzitsi a sayansi, kudzera mwa mapulifekiti, kuti akonze ulendo wokayeserera kusukulu yapafupi imene ili ndi labu. Sukulu zimagwirizana m'magulu ndipo zotere zimatheka zikapemphedwa nthawi ilipo.

Dziwaninso kawerengedwe ka magiredi a MSCE msanga, osati muli fomu 4. Magiredi amayambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungokhoza, 9 n'kulephera. Mukalephera Chingerezi satifiketi simutenga, ngakhale kwinako mutakhoza bwanji. Kuti muganiziridwe kuyunivesite yaboma mumafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro ambiri amafunanso kirediti ya masamu. Ndiye kuthawa phunziro limene likukuvutani n'kumangowerenga limene mumalikonda n'kudzitchera msampha nokha.

Wina akukutsatsani likasa

Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa dziko lonse ali mkati chifukwa mapepala anabedwa n'kufalikira pa mafoni. Ophunzira onse, obera ndi osabera omwe, analembanso mu Januwale 2021, pomwe sukulu zinali zitatsekedwa kale miyezi yambiri mu 2020 chifukwa cha Covid-19. Makolo anafunafunanso ndalama ya lendi ndi chakudya, ndipo ana ena sanabwererenso kudzalemba. Likasa limawononga anthu ambiri amene sanalione n'komwe.

Mapepala ambiri otsatsidwa pa WhatsApp ndi abodza: mafunso akale kapena a mock ya kwina, oikidwa chikuto chatsopano. Mumataya ndalama, komanso mumataya masiku omaliza mukuloweza mayankho a mafunso amene sabwera. Likakhala lenileni ndiye ngozi yaikulu. MANEB imafufuta zotsatira za wogwidwa, ndipo nkhani imafika kupolisi. Kungopezeka ndi foni kapena kapepala m'chipinda cha mayeso n'kokwanira. Mukaikidwa m'gulu la pafoni logawana likasa, tulukanimo, musatumizire munthu, ndipo uzani ahedi. Mnzanu akakupemphani kuti mumuonetse m'mayeso, muyankheni mayeso asanafike: "Aise, m'kalasi muja sinditembenuka. Koma bwera madzulo ano tisove limodzi." Mukatero ubwenzi mwausunga, ndipo mwamuthandiza zenizeni.

Kukoleji kubera kumavala jekete. Kukopa asainimenti ya mnzanu, kulipira wina kuti akulembereni, kutapa za pa intaneti kapena za makina a AI n'kuzipereka ngati zanu, zonsezi zikhoza kukuchotsetsani sukulu. Ngati nthawi yakutherani chifukwa cha matenda kapena maliro, pemphani masiku owonjezera tsiku lopereka lisanafike, muli ndi umboni m'manja. Ngati simukudziwa katchulidwe ka mabuku amene mwagwiritsa ntchito, funsani kulaibulale. Ndipo inu amene mukuphunzira za umoyo kapena uphunzitsi, ganizirani kuti phunziro limene mwabera lero mudzakumana nalo pa wodwala kapena pa mwana wa munthu, popanda wokuonetsani.

Munthu wamkulu akufuna thupi lanu posinthana ndi thandizo

Amayamba mwaulemu. Mayunitsi, sopo, foni, kukukwezani pa njinga yamoto ulere, malikisi owonjezera, "ubwere kunyumba ndidzakuthandize masamu". Akhoza kukhala mphunzitsi, mwini zombo kudoko, mlendo wa kumalo ogona a m'mbali mwa nyanja, kapena wobwera kumene ku Joni ndi katundu. Anyamata nawonso zimawachitikira. Chizindikiro chake n'chimodzi: amafuna kuti zikhale zachinsinsi.

Mlandu si wanu, ngakhale munalandirapo kanthu. Lekani kulandira, musakumane naye panokha, ndipo mauthenga ake musafufute, ndi umboni. Lembani masiku ndi zimene ananena. Uzani mphunzitsi wamkazi amene mumamukhulupirira, amayi a mother group kapena ahedi. Ngati wovutitsayo ali ndi mphamvu pasukulupo, kapena mwanena koma nkhani ikukwiriridwa, pitani kwa mlangizi woteteza ana wa m'dera lanu, kuofesi ya Social Welfare, kapena ku Victim Support Unit kupolisi. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandiza ana. Malamulo a ntchito ya uphunzitsi amaletsa chibwenzi pakati pa mphunzitsi ndi wophunzira, lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomereza. Ngati mwagwiriridwa, thamangirani kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa mkati mwa nthawi imeneyi, ndipo oteteza pathupi amagwira bwino akamwedwa msanga.

Makolo, ndikupempheni mwapadera: mwana akabwera ndi nkhani yotere, musayambe ndi kumukalipira, ndipo musakathetsere nkhaniyo kuseri polandira ndalama kwa wolakwayo. Mwana amene wakalipiridwa kamodzi sanenanso.

Pathupi pakachitika sukulu sinathe. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka ilipo kuyambira 1993. Kholo lipite kwa ahedi, kalata ilembedwe kuti malo asungidwe, ndipo ngati kubwerera pasukulu yomweyo kukuchititsa manyazi, pemphani kusamukira ina. Chovuta chenicheni chimakhala wolera khanda masana, ndiye nkhani imeneyi ikambidwe ndi anganga kapena azakhali mwana asanabadwe.

Zotsatira zatuluka ndipo sizinayende

Masabata otsatira zotsatira ndi amene ambiri amapanga chiganizo chothamanga. Anyamata amayamba kufunsa za thiransipoti ya ku Joni, atsikana amauzidwa kuti basi akwatiwe. Sindinyoza opita ku Joni, nyumba zambiri zamalata kuno zamangidwa ndi thukuta lawo. Koma wopita wopanda mapepala oyenera amakhala mozemba, amalipidwa mmene bwana wafunira, ndipo akadwala kapena kugwidwa, banja lomwe lija limagulitsa munda kuti abwere.

Musanaganize zonsezo, katengeni kapepala ka magiredi anu mukhale pansi ndi mphunzitsi. Nthawi zambiri chagwetsa munthu ndi phunziro limodzi kapena awiri. Mukhoza kulembanso ngati wapadera kapena kulowa sukulu ya open, n'kuika mphamvu pa maphunziro amenewo. Ngati giredi ina ikusiyana kwambiri ndi mmene mumakhozera nthawi zonse, funsani ahedi msanga za kupempha MANEB kuti ichongenso, chifukwa nthawi yake imakhala yochepa ndipo pamakhala cholipira. Ngati mwakhoza koma yunivesite sinakutengeni, yang'anani makoleji a uphunzitsi, maphunziro a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, kapena Malawi College of Fisheries yomwe ili konkuno ku Mpwepwe. Zolengeza za malo amenewa zimatuluka m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa masamba awo a intaneti, ndipo zimakhala ndi tsiku lotsekera. Konzeranitu chitupa cha unzika, zithunzi zazing'ono ndi mafotokope a zotsatira zanu, muziike mu envulopu imodzi, ndipo mupemphe mphunzitsi mmodzi kuti azikudziwitsani chilengezo chikangotuluka.